PHUNZIRO 9: SIKELO ISAYEZE MIMBA YOKHA

Kwa mtsogoleri wa zokambirana: Phunziro ili ndi la amayi ndi abambo pamodzi. Ngati m'dera mwanu muli mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena membala wa komiti ya chipatala, m'pempheni adzakhale nawo, koma asalankhule yekha. Pokambirana pasatchulidwe dzina la munthu, ngakhale nonse mukumudziwa. Wina awerenge mokweza ndi mosathamanga.

Nkhani yoti tiyambire

Tiyerekeze motere. Mayi wina wachitsikana anachoka ku Phalombe ndi mwamuna wake kudzalima fodya pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Mwana wake wachiwiri anabadwa kumapeto kwa Januwale, nthawi imene fodya wapsa m'munda ndipo sadikira munthu. Mayi ake omubereka anali kutali, ndipo panalibe womuphikira phala kapena womuthira madzi otentha. M'chikuta anakhalamo masiku atatu okha. Tsiku lachinayi anali m'chigafa akusoka fodya, khanda lili pambali pa chitenje.

Patapita masabata angapo anzake anaona kuti wasintha. Sankasekanso. Nsima ankangoigwiragwira. Usiku mwana akagona, iye tulo osabwera. Mwana akalira ankamuyang'ana nthawi yaitali asanamunyamule, kenaka n'kudziimba mlandu kuti ndi mayi woipa. Mwamuna wake anati ndi ulesi. Amayi oyandikana nawo anati pali munthu amene wamupita pansi.

Mwana atakwana masabata 6 anapita naye kusikelo. Mwana anakwezedwa pa sikelo, analandira katemera, ndipo mayi analangizidwa za kulera. Atafunsidwa ngati pali vuto iye anati, “Anesi, mutu sukundisiya, mtima ukumathamanga, thupi lonse likuphwanya.” Anamuyeza malungo, sanapezeke. Anamupatsa panado. Mwezi wotsatira anabweranso ndi dandaulo lomwelo, ndipo analandiranso panado.

Kodi namwino uja analakwa? Tisafulumire kumuweruza. Tsiku limenelo anali yekha, panja pali mzere wa amayi wofika mpaka pamtengo. Anachita zonse zimene anaphunzitsidwa ndi zonse zimene buku la kuchipatala limafunsa: kulemera, kuthamanga kwa magazi, katemera, malungo. Funso limodzi lokha ndilo silinafunsidwe, lakuti, “Nanga inu amayi, mumtima mwanu muli bwanji?” Silinafunsidwe chifukwa palibe anamuphunzitsa kulifunsa, ndiponso akanalifunsa sakanadziwa chochita ndi yankho lake.

Matenda amene tikunenawa

Tikamva zoti “matenda a maganizo” ambirife timaganiza za munthu wovula zovala pamsika. Amenewo ndi ochepa. Pa nthawi ya pakati ndi pambuyo pa kuchira pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzisiyanitsa, pakuti chithandizo chake n'chosiyana.

Choyamba si matenda. Amayi ambiri pa masiku oyamba atachira amangolira popanda chifukwa, amakwiya msanga, kenaka n'kusekanso. Izi zimabwera chifukwa cha kusintha kwa m'thupi ndi kutopa, ndipo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Mankhwala ake ndi kupuma, chakudya ndi anthu omusamala.

Chachiwiri ndicho cha mayi wa m'nkhani yathu. Madokotala amachitcha matenda a kukhumudwa, ndipo nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi nkhawa. Ife kumudzi timangoti “akuganiza kwambiri.” Chizindikiro chake ndi chakuti chisoni ndi kusowa chilakolako cha chinthu chilichonse zimakhala tsiku ndi tsiku kopitirira masabata awiri, mpaka mayi kulephera ntchito zimene ankazichita bwinobwino. Chikhoza kuyamba ali ndi pakati, kapena nthawi iliyonse m'chaka choyamba cha mwana. Chovuta chake n'chakuti mayi sanena kuti “ndakhumudwa.” Amanena za mutu, za msana, za mtima kugunda, za chizungulire, ndipo sakunama ayi, ululuwo amaumvadi. Ena amafika poganiza kuti kuli bwino atangofa.

Chachitatu n'chosowa koma choopsa. Pa amayi 1,000 amene achira, mmodzi kapena awiri amasokonezeka mutu, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba. Mayi sagona konse, amalankhula zosagwirizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, mwina amakana mwana kuti si wake. Apa palibe zodikira kuti kuche kapena kuti malume abwere. Mayi atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi khanda. Kuchipatala amayamba aona ngati si malungo aakulu, kutentha thupi kochokera m'chiberekero kapena kuthamanga kwa magazi, pakuti izinso zimasokoneza mutu ndipo zimapha msanga. Amayi ambiri odwala chotere amachira n'kulera ana awo akalandira mankhwala. Kum'manga ndi chingwe m'nyumba n'kumutayitsa masiku amene akanachira.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko osauka amayi pafupifupi 16 mwa 100 aliwonse oyembekezera, ndi pafupifupi 20 mwa 100 aliwonse amene angochira, amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka kukhumudwa. Kuno kwathu zinayezedwanso. Kafukufuku amene Dr Robert Stewart ndi anzake anachita pa sikelo ya amayi oyembekezera ku Mangochi, amene anasindikizidwa mu 2014, anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu anali ndi matenda a kukhumudwa, ndipo mmodzi mwa khumi anali nawo aakulu. Kafukufuku wina wa ku Thyolo, pakati pa amayi obwera ndi makanda kusikelo, anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo anali otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo.

Tsono werengani nokha. Ngati pa benchi ya sikelo pakhala amayi makumi asanu, pafupifupi khumi mwa iwo anyamula katundu ameneyu. Boma la Kasungu linali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018.

Mfundo ya ku Thyolo ija tiisunge bwino, chifukwa ena amati za maganizo n'za anthu okhuta. Mayi amene wafooka mumtima amavutika kuyamwitsa, amachedwa kuona kuti mwana watentha thupi, amadumpha masiku a sikelo. Ngati ali pa ma ARV, akhoza kuleka kumwa. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2011 dziko lino linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV. Ndondomekoyi yapulumutsa ana ambiri. Koma taganizani za mayi amene m'mawa umodzi wamva kuti ali ndi kachilombo, walandira botolo la mankhwala, ndipo madzulo ayenera kukauza mwamuna amene amamuopa.

Chifukwa chake kuno kwa alimi a fodya

Matendawa sasankha wolemera kapena wosauka, koma pali zinthu zimene zimawaitana: umphawi, njala, ngongole, nkhanza za m'banja, pakati posayembekezera, kupita padera kapena kutaya mwana, ndi kusowa munthu womuuza zakukhosi. Tikayang'ana chaka cha mlimi wa fodya tiona kuti zambiri mwa izi zimakumana pamodzi.

Ntchito ya fodya siyipatsa munthu mpata. Nazale imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo dzuwa lili pamutu. Mvula ikagwa ndi kuwokera, kenaka kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Ntchito yambiri ya kusoka ndi kusankha imagwera amayi, ndipo imafika pachimake m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene nkhokwe zili mbee. Ndalama imabwera kamodzi pachaka, msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndipo ngongole ya feteleza imayamba yadulidwa. Zotsalazo si nthawi zonse zimafika m'manja mwa amene anasoka. Tonse tikudziwa mabanja amene bambo amasowa sabata yathunthu fodya akagulidwa.

Makolo athu anali ndi njira zawo zotchinjiriza mayi. Pa chisamba anamkungwi ankamulangiza za pakati poyamba. Pa chikamwini mkazi ankachirira pakati pa abale ake, mayi ake ndi achemwali ake ali pomwepo. M'chikuta sankagwira ntchito. Si miyambo yonse imene inali yabwino, koma mayi sankakhala yekha. Nanga mkazi amene wabwera kudzagwira ntchito pa munda wa eni kuchokera ku Mulanje, ku Mangochi kapena ku Dedza, ali ndi ndani? Utenanti unaletsedwa ndi lamulo la za ntchito limene linasinthidwa mu 2021, koma mabanja ochokera kutali akadali m'minda ya fodya, ndipo lamulo silinawabweretsere agogo.

Palinso china. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa kwa wochirira pakhomo. Pofika pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Zimenezi zachepetsa imfa za uchembere ndipo sitikufuna kubwerera m'mbuyo. Koma mzamba uja, pamodzi ndi zofooka zake, ankamudziwa mayi ndi banja lake, ndipo ankabweranso kudzamuona. Popeza tinauza amayi onse kuti apite kuchipatala, n'koyenera kuti kuchipatalako akapeze munthu wodziwa kuwamvetsera.

Akatswiri ali kutali

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, makilomita oposa 400 kuchokera kuno. A Saint John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso sukulu ku Mzuzu yophunzitsa ogwira ntchito za matenda a maganizo. Madokotala aakulu a matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Mayi wa ku Chulu, ku Santhe, ku Wimbe kapena ku Chamama sadzaonana nawo. Amene adzaonana naye ndi namwino wa pasikelo, dokotala wamng'ono wa pachipatala cha m'dera, ndi mlangizi wa zaumoyo amene amayenda pa njinga m'midzi. Mayi woyembekezera masiku ano amalangizidwa kupita kusikelo maulendo 8, kenaka amabweranso ndi mwana mwezi ndi mwezi. Palibe nthawi ina m'moyo wa mkazi imene amakumana ndi achipatala kawirikawiri chotere. Choncho nzeru yake ndi kuphunzitsa amene alipo kale.

Kodi amaphunzira chiyani?

Choyamba amaphunzira kufunsa. Zikuoneka zazing'ono koma ndi luso. Funso lakuti “Muli ndi vuto?” lofunsidwa maso ali pa buku, amayi ena akumvetsera pakhomo, yankho lake ndi “Ayi.” Wophunzitsidwa amatseka chitseko, amayang'ana mayi n'kunena kuti, “Amayi, funso ili ndimafunsa aliyense. M'mwezi wapitawu, kodi mwakhala mukumva chisoni kapena kutaya mtima? Kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zikukusangalatsanibe?” Mayi akavomera, pali mafunso ena olembedwa kale. Ena ndi mafunso 10 amene anakonzedwa ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, mu 1987. Ena ndi mafunso 20 a WHO oyankha kuti inde kapena ayi. Onsewa anamasuliridwa m'Chichewa ndipo anayesedwa pakati pa amayi a kuno. Aphunzitsi a unamwino monga Genesis Chorwe-Sungani anayesa mafunso otere m'masikelo a ku Blantyre pofuna kupeza aafupi amene namwino wotanganidwa angathe kuwagwiritsa ntchito.

Amaphunziranso kufunsa mafunso awiri amene ambirife timawaopa: ngati mayi akumenyedwa kunyumba, ndi ngati anaganizapo zodzipha. Anthu amati kufunsa za kudzipha ndi kumupatsa munthu nzeru. Si zoona. Amene ali ndi maganizo amenewa nthawi zambiri amapepukidwa mtima wina akamufunsa mwaulemu. Kuno kumene mankhwala opopera fodya amakhala m'nyumba iliyonse, wachipatala wophunzitsidwa amauza abale kuti awachotse ndi kuwatsekera kutali.

Chachiwiri amaphunzira kuthandiza ndi mawu. Amayi ambiri safuna mapiritsi. Amafuna munthu wokhala nawo pansi kangapo, kuwathandiza kumasula mtolo wa mavuto, kusankha limodzi limene lingatheke, ndi kupangana chochita sabata imeneyo. Uku si kulalikira kapena kukalipira, ndiponso si kungonena kuti “limbani mtima.” Kuli ndi ndondomeko yake imene munthu amaiphunzira ndi kuiyeserera.

Chachitatu amaphunzira za mankhwala ndi za kutumiza. Mayi wodwala kwambiri akhoza kupatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, ndipo dokotala ndiye amayeza ubwino ndi kuopsa kwake pa pakati ndi poyamwitsa. Mayi amene anali kale pa mankhwala a maganizo kapena a khunyu asaleke yekha akaima, koma afulumire kukanena kusikelo, pakuti ena mwa mankhwalawa, monga sodium valproate, amavulaza mwana m'mimba ndipo dokotala ayenera kuona chochita. Wophunzitsidwa amadziwanso malire ake: uyu ndimuthandiza pano, uyu apite lero ku chipatala chachikulu ku Kasungu boma.

Kodi zimathandizadi?

Umboni ulipo. M'midzi ya ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, amayi ogwira ntchito yofanana ndi ya alangizi athu a zaumoyo anaphunzitsidwa kucheza ndi amayi oyembekezera okhumudwa. Zotsatira zinatuluka mu 2008. Patatha miyezi 6 mwana atabadwa, amayi 23 mwa 100 amene ankayenderedwa ndi ophunzitsidwa anali akudwalabe, pamene mwa amene ankayenderedwa ndi osaphunzitsidwa anali 53. Onse ankayenderedwa; kusiyana kunali maphunziro. WHO inatenga njirayi n'kuisindikiza mu 2015 m'buku lotchedwa Thinking Healthy, ndipo mu 2022 inatulutsa malangizo oti chisamaliro cha maganizo chilowe m'ntchito za sikelo.

Kwa anansi athu ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu. Njirayi imatchedwa Friendship Bench. Matenda amene agogowo amathandiza, Ashona amawatcha kufungisisa, ndiko kuti kuganiza kwambiri, monga momwe timanenera ife. Njirayi yayesedwa kale m'zipatala zina za kuno ku Malawi.

Kwathu kuno, alangizi a zaumoyo mazana angapo a m'boma la Zomba anaphunzitsidwa kuzindikira ndi kuthandiza ovutika maganizo m'midzi. Ku Mulanje ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono analandira maphunziro a masiku awiri ochokera m'ndondomeko ya WHO yotchedwa mhGAP. Ndipo kafukufuku wa Dr Felix Kauye m'chigawo cha kumwera anaonetsa chinthu chimene chikukhudza nkhani yathu ija: kumene madokotala aang'ono anaphunzitsidwa, odwala opezeka ndi matenda a kukhumudwa anachuluka, ndipo olembedwa kuti ali ndi malungo anachepa. Ndiye kuti ena mwa amene tinkawapatsa mankhwala a malungo sanali kudwala malungo.

Koma tichenjere. Si maphunziro onse amene amabala zipatso. Tonse tinaonapo anthu akupita ku msonkhano wa masiku atatu ku Mponela, n'kubwerako ndi chikwama ndi setifiketi, buku n'kuliika m'kabati. Nthawi zina amene wapita ndi mkulu wa pamalopo, osati amene amakhala pa sikelo. Nthawi zina wophunzitsidwayo amasamutsidwa patatha miyezi iwiri. Maphunziro enieni amafuna kuti wina wodziwa azibwera kudzaona ndi kukonza zolakwika, kuti mankhwala azipezeka, kuti pakhale kachipinda koti mayi alankhule mosamvedwa ndi mzere wonse, ndi kuti m'kaundula mukhale malo olembamo. Kufunsa mayi za mumtima mwake kenaka n'kumusiya opanda thandizo n'koipa kuposa kusafunsa. Namwinonso ndi munthu: amene wachezera usiku wonse kubereketsa yekha, mawa lake sangakhale ndi mtima womvetsera.

Mbali yathu ngati nzika

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amalamula boma kuyesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo, ndipo pa gawo 30 amaika chithandizo cha zaumoyo pakati pa zinthu zimene aliyense ayenera kukhala ndi mwayi wofanana wozipeza, ndi kutchula amayi ndi ana kuti aganiziridwe mwapadera. Sananene kuti umoyo umathera m'khosi. Kwa zaka zambiri odwala maganizo ankayendetsedwa ndi lamulo la atsamunda la 1948, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwake.

Kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, mapulani a zaumoyo a chaka ndi chaka amakonzedwa pa khonsolo ya boma lililonse. Nkhani imachokera ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kupita ku VDC, ku ADC, mpaka ku khonsolo kumene kuli makhansala amene tinawavotera. Pa chipatala chilichonse chaching'ono payenera kukhala komiti ya anthu a m'deralo. Kawirikawiri m'makomiti amenewa timapempha zooneka ndi maso: nyumba yodikirira, mjigo, ambulansi. N'zofunika zonsezo. Koma chimene sichinatchulidwe m'mudzi sichilowa m'pulani, ndipo chimene sichili m'pulani sichipatsidwa ndalama. Zipatala za mipingo, monga cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama, nazonso zili ndi makomiti amene tingawafikire.

Za kupemphera tinene mosabisa, popeza ambiri amayamba kubwera kwa ife a mpingo asanapite kuchipatala. Kumuyendera mayi, kumupempherera, kumutungira madzi ndi kumugwirira mwana kuti agone, ndi chithandizo chenicheni. Koma kumuuza kuti akudwala chifukwa cha kuchepa chikhulupiriro, kapena kumuletsa mankhwala, ndi kumuwonjezera mtolo. Wodwala chifuwa chachikulu timamupempherera ali pa mankhwala. Chimodzimodzi ameneyu.

Mafunso okambirana

1. M'nkhani ija, ndani anali woyamba kuona kuti mayi wasintha? Akanachita chiyani? Abambo ayambe ndiwo kuyankha.

2. Kwathu kuno, mayi amene wangochira amapuma masiku angati nthawi yothyola fodya? Amene amalamula kuti abwerere kuntchito ndani? Nanga eni minda amene ali pakati pathu akuti bwanji?

3. Ndi mawu ati amene timanena kwa mayi wotere amene amamutseka pakamwa?

Ntchito ya mwezi uno

Sankhani anthu atatu, awiri mwa iwo akhale amayi, kuti apite kwa wapampando wa komiti ya chipatala cha m'dera lanu. Asapite ngati okazenga mlandu. Akafunse kuti pa ogwira ntchito pasikelo ndi angati anaphunzira za maganizo a amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo anaphunzira liti. Ngati namwino wa matenda a maganizo wochokera ku Kasungu boma amabwera, ndi tsiku liti. Ngati mankhwala ake alipo. Ndiponso mayi akasokonezeka mutu usiku, abale aimbire ndani. Mayankho alembedwe m'buku la gulu, awerengedwe pa msonkhano wotsatira, ndipo kope lina liperekedwe kwa mlembi wa VDC msonkhano wa ADC usanachitike.